Zimene Zimatsalira Mwana Akapulumuka Matenda Oumitsa Khosi kapena Sepsis

Pa mawu onse amene kholo limamva m'chipatala, palibe okoma kuposa akuti mwana wachira ndipo atha kupita kunyumba. Mawuwa ndi oona, chifukwa tizilombo timene tinkafuna kuchotsa moyo wa mwanayo timakhala titafa, thupi lasiya kutentha, ndipo mankhwala a m'mitsempha atha. Koma kwa mwana amene wadwala matenda oumitsa khosi kapena sepsis, kufa kwa tizilombo ndi kubwerera kwa thupi mmene linalili ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo nthawi zina pakati pa ziwirizi pamadutsa zaka. Ndikulemba monga mayi wa mtsikana amene anadwala matenda oumitsa khosi asanakwanitse chaka, ndipo pano ali kupulayimale. Chimene ndafika pochikhulupirira n'chakuti ana ambiri amavutika ndi zotsatira zosaoneka ndi maso, zimene zimatulukira mochedwa, pamene aliyense waiwala za matendawo kupatula makolo okha.

Matenda oumitsa khosi ndi kutupa kwa tizikopa topyapyala timene timakuta ubongo ndi mtsempha waukulu wa mumsana. Mavairasi amayambitsanso matendawa, ndipo ana ambiri amene adwala mtundu umenewo amachira bwinobwino, koma mtundu woopsa kwambiri ndi wa mabakiteriya, makamaka pneumococcus, meningococcus, Haemophilus influenzae type b, komanso Group B streptococcus amene amagwira makanda ongobadwa kumene. Sepsis ndi pamene thupi, polimbana ndi matenda, limachita mopitirira muyezo mpaka kuyamba kuwononga ziwalo zake zomwe, moti magazi amasiya kuyenda bwino ndipo impso, mapapo, chiwindi ndi ubongo zimayamba kulephera ntchito. Nthawi zambiri ziwirizi zimayendera limodzi, makamaka ngati bakiteriya wake ndi meningococcus. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti mwa anthu 6 aliwonse amene adwala matenda oumitsa khosi a mabakiteriya, mmodzi amamwalira, ndipo mmodzi mwa 5 aliwonse amatsala ndi vuto lalikulu. Mu 2010 magazini ya zachipatala ya Lancet Infectious Diseases inafalitsa kafukufuku wophatikiza zotsatira za mayiko ambiri, amene anasonyeza kuti mwa opulumuka pneumococcus 100 aliwonse, pafupifupi 25 anatsala ndi ulumali waukulu, poyerekeza ndi pafupifupi 10 mwa 100 opulumuka Haemophilus ndi 7 mwa 100 opulumuka meningococcus. Kumbali ya sepsis, akatswiri anawerengera kuti mu 2017 mokha panali odwala pafupifupi 49 miliyoni padziko lonse, ndipo pafupifupi 20 miliyoni mwa iwo anali ana osakwana zaka 5. Ambiri mwa anawa anapulumuka, kutanthauza kuti chaka chilichonse ana miyandamiyanda amabwerera kwawo ali ndi matupi amene adutsa pa ngozi yaikulu.

Miyezi yoyambirira ili ndi zovuta zake. Mwana amene wagona masabata angapo pabedi, makamaka m'chipinda cha odwala mwakayakaya, amatuluka minofu itafooka, ndipo si zachilendo kuona amene ankayenda akuyambiranso kukwawa, kapena amene anasiya kukodza pogona akubwereranso ku vutolo. Ena amadzidzimuka usiku akulira, amakakamira amayi awo, ndipo amanjenjemera akangoona munthu wovala yunifolomu ya anamwino. Zambiri mwa izi zimatha pang'onopang'ono, koma nthawiyi si yoitenga mopepuka. Kafukufuku wotchedwa LAPSE, amene anachitika ku United States ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2020, anapeza kuti patatha chaka chathunthu, pafupifupi 35 mwa ana 100 aliwonse opulumuka sepsis yoopsa anali asanabwerere pa moyo umene anali nawo asanadwale. Ku Uganda, kafukufuku wa ana oposa 6,000 osakwana zaka 5 amene anagonekedwa powaganizira sepsis anapeza kuti oposa 5 mwa 100 aliwonse anamwalira pasanathe miyezi 6 atatulutsidwa. N'chifukwa chake mwana wotere akatentha thupi, akakana kuyamwa, akamapuma movutikira kapena akamangogona osadzuka bwino, sayenera kudikira tsiku limene analembedwa kuti akaonedwenso. Katemera nayenso ayenera kupitirira, pakuti kudwala bakiteriya mmodzi sikuteteza mwana kwa enawo, ndipo matendawa akamugwira kachiwiri, madokotala amafufuza ngati pali vuto la chitetezo cha m'thupi kapena pena pamene madzi a mu ubongo akudontha.

Chinthu chimene sichidikira m'pang'ono pomwe ndi makutu. Kugontha ndilo vuto lopezeka kwambiri pambuyo pa matenda oumitsa khosi, ndipo chifukwa chake chili m'kapangidwe ka khutu. M'kati mwenimweni mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati nkhono, kotchedwa cochlea, kodzaza timadzi ndi timaselo timene timasandutsa phokoso kukhala uthenga wopita ku ubongo. Kachiwaloka kali ndi kanjira kolumikizana ndi madzi ozungulira ubongo, choncho mabakiteriya amalowamo mosavuta, ndipo timaselo tija tikafa sitimeranso. Choopsa china n'chakuti kutupa kukatha, m'kati mwa cochlea mumatha kuyamba kumera fupa, nthawi zina pakangopita masabata ochepa. Fupalo likadzaza, zimavuta kwambiri kuika chida chotchedwa cochlear implant, chimene madokotala amalowetsa m'menemo pochita opaleshoni kuti chizitumiza uthenga ku mtsempha wa kumva. Pa chifukwa chimenechi, malangizo a NICE, bungwe lopereka malangizo a zachipatala ku Britain, amati katswiri ayeze makutu a mwana pasanathe masabata 4 kuchokera pamene wapeza bwino moti n'kuyezedwa, ndipo dokotala wa ana amuonenso pakatha masabata 4 mpaka 6 atatuluka m'chipatala.

Kuwomba m'manja kumbuyo kwa khanda n'kuona kuti ladzidzimuka si kuyeza makutu. Khanda limene khutu limodzi lafa limadzidzimukabe, chimodzimodzinso limene limangomva phokoso lalikulu koma silisiyanitsa mawu a anthu. Pali makina oyezera makanda ali m'tulo, amene amaona mmene mtsempha wa kumva ukuyankhira phokoso, ndipo safuna kuti mwana anene kapena kuchita kanthu. Ana amene anadwala sepsis yokha asaiwalidwe pa nkhaniyi, pakuti mankhwala ena opulumutsa moyo, monga gentamicin amene amaperekedwa kwambiri kwa makanda, amatha kuwononga makutu.

Mwana wanga khutu lake lakumanzere silimva chilichonse, pomwe lakumanja limamva bwino. Anthu akamva zimenezi amati ndi mwayi, ndipo ndi mwayidi, kungoti pali ntchito zina zimene zimafuna makutu onse awiri. Munthu amadziwa kumene phokoso likuchokera chifukwa limafika ku khutu limodzi mofulumirako komanso mokwererako kusiyana ndi linzake. Ndikamuitana ndili m'chipinda china, amaima pakati pa nyumba n'kumazungulira thupi lonse kufunafuna kumene ndili, ndipo pamsewu sangadalire makutu kuti adziwe mbali imene galimoto ikuchokera. Pamalo pa zii amamva ngati wina aliyense, koma m'kalasi, mmene ana ambiri amalankhula nthawi imodzi, mawu a aphunzitsi amasakanikirana ndi phokoso lonselo, ndipo iye amapendeketsa mutu, khutu lakumanja kutsogolo, maso ali pa milomo ya wolankhulayo. Kumvetsera kotereku n'kotopetsa, moti poweruka amakhala atatheratu. Pafupi ndi cochlea palinso tiziwalo tothandiza munthu kuima ndi kuyenda osagwa, ndipo nato tikawonongeka mwana amachedwa kuyenda, kenaka amadzandira mumdima kapena pamalo osasalala, chifukwa amadalira maso kuti asagwe.

Pa ana amene agontha makutu onse awiri, maganizo anga ndi akuti banja lisakhale manja lende kudikira chida. Zaka zoyambirira ndi pamene ubongo umatola chinenero mosavuta, ndipo mwana amene wakhala zaka zimenezo osamva mawu komanso osaona chinenero chamanja amataya chinthu chovuta kuchibweza. Makolo ena amaopa kuti manja amulepheretsa kulankhula, koma chinenero chamanja sichitseka mwana pakamwa, ndipo kaya adzalandira chida chothandiza kumva kaya ayi, amakhala ali ndi njira youzira amayi ake kuti mutu ukumupweteka.

Mavuto a ubongo amene amaoneka msanga ndiwatchula mwachidule, chifukwa achipatala sawaphonya kawirikawiri. Kutupa kumatha kutseka mitsempha ya magazi mu ubongo n'kusiya mbali imodzi ya thupi yofooka kapena youma, kuwononga maso, kapena kusiya chipsera chimene chimadzayambitsa khunyu patapita miyezi ngakhale zaka. Kumathanso kutseka njira za madzi a mu ubongo, ndipo kwa khanda zizindikiro zake ndi mutu wokula mofulumira, liwombo lotukuka, kusanza ndi maso oyang'ana pansi. Madokotala amaika kapaipi kotchedwa shunt kotsitsira madziwo m'mimba, ndipo popeza kapaipika kakhoza kutsekeka kapena kulowa tizilombo nthawi ina iliyonse, mwana amene ali nako akamva mutu, kusanza ndi kuwodzera modabwitsa ayenera kuonedwa tsiku lomwelo. Matenda a khunyu si opatsirana, ndipo ana ambiri amakhala bwino akamamwa mankhwala osadukiza. Aliyense amene amatsala ndi mwanayo, kuphatikizapo aphunzitsi, ayenera kudziwa kuti akagwa amugoneke chammbali, asamuike kanthu m'kamwa, ndipo athamangire naye kuchipatala ngati kunjenjemerako kwapitirira mphindi 5. Kwa amene ziwalo zawo zauma, mafizo oyambika msanga ndi kupitirizidwa kunyumba tsiku ndi tsiku amathandiza kuti mfundo za mafupa zisaumiretu.

Sepsis ya meningococcus ili ndi kawonongedwe kakekake. Magazi amaundana m'timitsempha ting'onoting'ono, khungu ndi zala zimasowa magazi n'kuda, ndipo ana ena amatuluka m'chipatala ndi zipsera zazikulu, kapena atadulidwa zala, mkono kapena mwendo. Chimene mabanja ambiri sauzidwa n'chakuti kuundana komweko kumatha kupha malo amene fupa limakulira, omwe ali chakumapeto kwa mafupa aatali, pafupi ndi mfundo. Pa tsiku lotuluka miyendo imaoneka yofanana, koma pakapita zaka zingapo umodzi umakhala utatsalira kapena utapindika, mwana n'kuyamba kutsimphina popanda amene akukumbukira gwero lake. Mwana wodulidwa chiwalo amafunika mwendo kapena mkono wochita kupanga watsopano nthawi ndi nthawi pamene akukula, ndipo fupa la pamalo odulidwawo limatha kupitiriza kukula mpaka kubaya khungu, zimene zimafuna opaleshoni ina. Ngati impso zinavulala, kuyeza mkodzo ndi kuthamanga kwa magazi kumafunikabe ngakhale mwanayo akuoneka wathanzi.

Tsopano ndifike pa zija zosaoneka. Mu 2012 ku Britain kunatuluka zotsatira za kafukufuku wotchedwa MOSAIC, wa ana amene anapulumuka meningococcus wa gulu B. Pafupifupi mmodzi mwa 10 aliwonse anali ndi ulumali waukulu, koma oposa mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi vuto lina la m'thupi, la kaganizidwe kapena la mumtima, monga kuiwala, kuvutika kulongosola zochita, nkhawa ndi khalidwe lovuta. Ku Melbourne, m'dziko la Australia, akatswiri anatsatira ana opulumuka matenda oumitsa khosi kwa zaka 12, ndipo anapeza kuti kusiyana ndi anzawo kunalipobe, ngakhale kuti ambiri nzeru zawo zinali pa mlingo wabwinobwino. Chifukwa chimene mavutowa amachedwera kuoneka n'chosavuta kumva. Palibe amene amayembekezera kuti mwana wa zaka ziwiri akumbukire malangizo atatu motsatizana, akhale phee kwa theka la ola, kapena adziletse akakwiya. Mbali yakutsogolo ya ubongo, imene imagwira ntchito zimenezi, imakhwima pang'onopang'ono mpaka munthu atapitirira zaka 20, choncho ngati inavulala ali khanda, kuvulalako kumadzaonekera pamene ntchitozo zayamba kufunika. Mwana amene madokotala anakhutira naye ali ndi zaka ziwiri angayambe kutsalira ali ndi zaka 8, pamene sukulu yasiya kungoimbitsa nyimbo ndi kuloweza, n'kuyamba kufuna kuti awerenge ndime yaitali, asunge m'mutu zimene wawerenga, kenaka ayankhe mafunso.

Ndikauza mwana wanga kuti akavule yunifolomu, aike nsapato pamalo pake, kenaka abwere ndi kope la masamu, amanyamuka mosangalala n'kukavula yunifolomuyo, koma ndimakamupeza ataima pakhomo la chipinda, nsapato imodzi ili m'manja, nkhope ikusonyeza kuti akudziwa kuti pali china chatsala koma chamuthawa. Sikuti sanamve, ndipo si mwano. Zinthu zitatu pa nthawi imodzi sizikhazikika m'mutu mwake, koma ndikamuuza chimodzi, n'kudikira, n'kumuuza chinacho, amachita zonse bwinobwino. Aphunzitsi ena anandiuza mokoma mtima ndithu kuti mwanayo ndi wanzeru koma waulesi, ndipo sindinawaimbe mlandu, chifukwa kutsogolo kwawo kunali mwana wooneka wathanzi, wothamanga ndi kuseka pabwalo, amene masiku ena amakhoza ndipo masiku ena amangoyang'ana pepala. Kusinthasintha komweko ndiko kumasokoneza akuluakulu, pakuti amati ngati dzulo anakhoza, lero wangofuna yekha kulephera, pomwe chimene chasintha ndi kutopa kwa ubongo. Chimene chimandiwawa ndi kuganizira ana amene amakalipiridwa, kulangidwa kapena kubwerezedwa kalasi chaka ndi chaka chifukwa cha matenda amene anadwala asanadziwe n'kulankhula komwe, mpaka iwo eni kukhulupirira kuti ndi opanda nzeru.

Zothandiza m'kalasi zambiri sizifuna ndalama. Mwana akhale kutsogolo, khutu lomva lili mbali ya aphunzitsi. Malangizo akhale afupiafupi ndipo alembedwenso pa bolodi. Pa mayeso apatsidwe nthawi yowonjezera. Ndipo wongotuluka kumene m'chipatala abwerere kusukulu pang'onopang'ono, kuyamba ndi theka la tsiku. Kumene kuli akatswiri oyeza kaphunziridwe ka ana, nthawi yabwino yowaona ndi pamene sukulu ikusintha, poyamba pulayimale komanso polowa sekondale, chifukwa m'pamene zofunika kwa mwana zimakwera mwadzidzidzi. Zonsezi zimayamba pokhapokha wina atauza sukulu mbiri ya mwanayo, ndipo kawirikawiri palibe kalata imene imachoka kuchipatala kupita kwa aphunzitsi patatha zaka 5 mwana atatulutsidwa.

Apa ndiyenera kuikapo chenjezo. Ana ambiri opulumuka matendawa amakula popanda vuto lililonse lalikulu, ndipo si kukwiya kulikonse kapena kulakwa masamu kulikonse kumene kumachokera ku matendawo. Kholo limene linatsala pang'ono kutaya mwana limafuna kumutchinga ku chilichonse, osamulola kusewera mpira, osamudzudzula, osamutuma ntchito, ndipo ndaona kuti chikondi choterechi chimatha kumulemetsa mwana kuposa mmene matendawo anachitira. Wanga ali ndi ntchito zake za pakhomo ngati abale ake, kungoti ndimamuuza imodziimodzi.

Makolo nawonso amatuluka m'chipatala ali ovulala. Mu 2018 akatswiri a chisamaliro cha ana odwala mwakayakaya analongosola mavuto otsatira chisamalirochi m'njira yowerengera banja lonse, kuphatikizapo makolo ndi abale a mwana, ndipo aliyense amene anakhalapo pambali pa bedi lozunguliridwa ndi makina akudziwa chifukwa chake. Kwa nthawi yaitali ndinkadzuka pakati pa usiku kukaika dzanja pachipumi pa mwana wanga, ndipo chimfine wamba chinkandisowetsa tulo. Makolo ambiri amadzizunzanso ndi funso lakuti bwanji sanathamangire kuchipatala msanga, koma matendawa amayamba ngati kutentha thupi kwina kulikonse, ndipo amatha kufika poopsa m'maola ochepa, moti ngakhale achipatala odziwa ntchito amavutika kuwazindikira pa maola oyambirira. Abambo kawirikawiri safunsidwa n'komwe mmene akumvera. Abale a mwanayo, amene anasiyidwa kwa achibale masabata onse aja popanda wowafotokozera bwino, amasunga mantha awo komanso kansanje kamene amachita nako manyazi, ndipo amafunika munthu wowauza zoona m'mawu a msinkhu wawo. Kholo limene patapita miyezi likulotabe za kuchipatala, kapena likulephera kugwira ntchito chifukwa cha nkhawa, liyenera kuonana ndi mlangizi wa za maganizo monga mmene likanachitira ndi bala lina lililonse.

Atsogoleri a zaumoyo ayamba kuvomereza kuti mbali imeneyi inanyalanyazidwa. Mu 2020 msonkhano waukulu wa mayiko a bungwe la WHO unavomereza ndondomeko yogonjetsa matenda oumitsa khosi pofika 2030, ndipo pambali pa zolinga zochepetsa odwala mitundu yopewedwa ndi katemera ndi 50 peresenti komanso imfa ndi 70 peresenti, inaikamo cholinga chochepetsa ulumali ndi kutukula moyo wa opulumuka. Mu 2025 bungweli linatulutsa malangizo ake oyamba a padziko lonse a kayezedwe, kachizidwe ndi chisamaliro cha matendawa, ndipo mulinso za chisamaliro cha nthawi yaitali. Zolembedwazi n'zabwino, koma pakali pano, m'mayiko olemera ndi osauka omwe, amene amalumikiza dokotala wa makutu, wa mafupa, wa ubongo ndi aphunzitsi amakhala kholo lokha.

Chifukwa cha chimenechi, ndimalimbikitsa makolo anzanga kuti asanatuluke m'chipatala afunse mafunso, ndipo mayankho ake alembedwe. Afunse adokotala dzina la kachilombo kamene kanapezeka, ngati mwana anakomoka kapena kunjenjemera ali m'chipatala, zimene zithunzi za ubongo zinaonetsa ngati anajambulidwa, mankhwala amene analandira, ngati impso zinakhudzidwa, tsiku loyeza makutu, ndiponso munthu woti akamuone vuto likadzatulukira patapita zaka. Mapepalawa asungidwe pamalo amodzi, ndipo mwana akamakula aziuzidwa zimene zili m'menemo, chifukwa tsiku lina adzalowa yekha m'chipinda cha dokotala amene sanamuonepo. Wachinyamata amene ali ndi shunt ayenera kudziwa yekha zizindikiro za kutsekeka kwake. Amene watsala ndi khutu limodzi ayenera kuliteteza ku phokoso lalikulu ndi kuuza aliyense womulembera mankhwala, kuti apewe mankhwala owononga makutu ngati pali ena olowa m'malo. Mtsikana amene amamwa mankhwala a khunyu ayenera kukambirana ndi dokotala asanafike poganiza zokhala ndi pakati, chifukwa ena mwa mankhwalawa, makamaka sodium valproate, amatha kuvulaza mwana wosabadwa, ndipo kuwasintha kumafuna nthawi komanso kuyang'aniridwa ndi achipatala.